KUFOOKA KWA MTIMA: KODI KACHIPANGIZO KA BATIRE KAMATHANDIZA YANI?

Pakhonde la chipatala chaching'ono cha kumudzi sipalephera kupezeka munthu wotupa mapazi, amene akayenda pang'ono amaima kuti apume. Usiku sagona chagada, pakuti akatero amabanika. Amachezera atatsamira khoma, ndipo nsapato zimene ankavala chaka chatha tsopano zikukana. Ena amati waponda mankhwala, ena amati ndi ukalamba chabe. Koma kaŵirikaŵiri vuto la munthu wotere ndi kufooka kwa mtima. Mtimawo ukugunda ndithu, koma sukupopa magazi okwanira thupi lonse, motero madzi amatsalira m'mapapo, m'mimba ndi m'miyendo.

Masiku ano nkhani zimayenda msanga. Mwana amene ali ku Johannesburg kapena ku London amaimba foni nanena kuti kumeneko kuli kachipangizo ka batire kamene madokotala amaika pachifuŵa, ndipo mtima wofooka umapezanso mphamvu. Abale amakhala pansi nayamba kuŵerenga ng'ombe, matumba a chimanga, ngakhale munda umene. Nkhaniyo si yabodza ayi. Kachipangizoko kaliko, ndipo kapulumutsa anthu ambiri. Madokotala amatcha chithandizo chimenechi cardiac resynchronization therapy, mwachidule CRT, ndipo tanthauzo lake ndi kuchititsa mbali za mtima kuti zizigwiranso ntchito pa nthaŵi imodzi. Komabe sikathandiza munthu aliyense wofooka mtima, ndipo alipo ena amene kangathe kuwapweteka. Chifukwa chake banja liyenera kudziŵa mmene madokotala amasankhira, lisanagulitse ng'ombe ngakhale imodzi.

Mmene mtima umagundira

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziŵiri zam'mwamba zolandira magazi ndi ziŵiri zam'munsi zowapopa. Chipinda cham'munsi cha kumanzere ndicho chili ndi ntchito yolemetsa koposa, pakuti ndicho chimakankha magazi kufika kumutu ndi kumapazi. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi, nupopa malita pafupifupi 5 a magazi pa mphindi yomweyo.

Chimene chimalamulira kugunda kumeneku ndi mphamvu ya magetsi yochepa kwambiri, yopangidwa ndi mtima weniweniwo. Mphamvuyi imayambira m'chipinda cham'mwamba cha kumanja, nitsikira pakati pa mtima. Pamenepo njira yake imagaŵikana nthambi ziŵiri, ina ya kumanja ndi ina ya kumanzere. Nthambi zimenezi ndi zaliŵiro, kotero kuti makoma onse a chipinda cha kumanzere amalandira uthenga pafupifupi nthaŵi imodzi, nafinya magazi pamodzi.

Mwa anthu ena nthambi ya kumanzere imatsekeka. Uthenga umayenera kuzungulira, kudzera m'mnofu umene suuyendetsa msanga. Tsono khoma lapakati limayamba kufinya khoma la m'mbali lisanamve kanthu. Pamene la m'mbali likuyamba, lapakati latha kale ndipo likumasuka. Magazi amangokankhidwira uku ndi uku m'kati mwa chipindacho, ndipo otuluka amakhala ochepa. Madokotala amalemba vuto limeneli ndi zilembo zinayi, LBBB. Limapezeka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa anayi alionse amene chipinda chawo cha kumanzere chafooka.

Amene anaonapo asodzi akukoka khoka kunyanja sangavutike kumvetsa. Asodzi amagaŵikana magulu aŵiri, lina ku chingwe ichi, lina ku chingwe icho, ndipo onse ayenera kukoka pamodzi. Gulu limodzi likachedwa, khoka limapendekeka ndipo nsomba zimathaŵira mbali imene yalekerera. Onse atuluka thukuta mofanana, koma nsomba zofika pamtunda ndi zochepa. Kachipangizo ka CRT kali ngati munthu woyambitsa nyimbo kuti magulu onse aŵiri akokere limodzi. Iye sakoka nawo chingwe, ndiponso saonjezera mphamvu m'mikono ya munthu aliyense. Ngati magulu aja anali kukokera limodzi kale koma ali ofooka ndi njala, nyimbo siithandiza kanthu. Nkhani yonse ya amene angathandizidwe ndi amene sangathandizidwe yagona pamenepa.

Kachipangizoko

Ndi kabokosi kachitsulo kocheperapo chikhato cha mwana, kokhala ndi batire m'kati mwake. Dokotala amakaika pansi pa khungu, pamwamba pa chifuŵa, popanda kung'amba chifuŵacho. Kaŵirikaŵiri kamakhala ndi mawaya atatu oloŵetsedwa kudzera mu mtsempha. Aŵiri amakathera m'zipinda za kumanja. Wachitatu, amene ali wovuta kuika, amadutsa mu mtsempha wa kuseri kwa mtima nakagona pa khoma la m'mbali la chipinda cha kumanzere, khoma lochedwa lija.

Mabatire othandiza mtima wogunda pang'onopang'ono ndi akale ndithu. Woyamba anaikidwa mwa munthu ku Stockholm m'chaka cha 1958. Koma kugwiritsa ntchito batire pofuna kugwirizanitsa makoma a mtima wofooka kunayamba m'zaka za m'ma 1990. M'chaka cha 1994 dokotala Serge Cazeau ndi anzake ku France analemba za bambo wina wodwala kwambiri amene anapeza bwino atamuika mawaya m'zipinda zonse zinayi. Umboni waukulu unadza m'chaka cha 2005 ndi kafukufuku wotchedwa CARE-HF, wa odwala 813 m'zipatala 82 za ku Ulaya. Theka analandira mankhwala okha, theka linalo mankhwala ndi kachipangizo. Patapita zaka pafupifupi ziŵiri ndi theka, mwa olandira mankhwala okha anamwalira 120, pamene mwa okhala ndi kachipangizo anamwalira 82. Kusiyana kotere si kwamaseŵera.

Komabe kuyambira pachiyambi penipeni madokotala anaona chinthu chimene chinawasoŵetsa mtendere. Mwa odwala atatu alionse oikidwa kachipangizo, pafupifupi mmodzi sanali kusintha. Anali atapirira opaleshoni, ndalama zambiri zinali zitapita, koma phuma linali pomwepo. Funso linakhala lakuti: kodi munthu ameneyu angadziŵike bwanji asanaikidwe?

Pamene maso ananyengedwa

Ganizo loyamba linali looneka lanzeru. Pali makina otchedwa echo, amene amaunika mtima monga mmene amaunikira mwana m'mimba mwa mayi, ndipo dokotala amaona makoma a mtima akuyenda. Akatswiri anati: popeza vuto ndi kusagwirizana kwa makoma, njira yabwino ndi kuwayang'ana ndi kuyesa kuchedwa kwake. Anapeza njira zambiri zoyesera, ndipo aliyense ankatama yake.

Kafukufuku wotchedwa PROSPECT, amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2008, anayesa njira 12 zoterezi mwa odwala 498 m'zipatala 53 za ku Ulaya, America ndi Hong Kong. Panalibe ngakhale imodzi imene inalosera modalirika. Choipa china chinali chakuti akatswiri osiyana poyang'ana chithunzi chimodzimodzi ankapeza miyeso yosiyana.

Phunziro loŵaŵa koposa linadza m'chaka cha 2013 ndi kafukufuku wa EchoCRT. Anasankha odwala 809 amene pa echo makoma awo ankaoneka osagwirizana, koma njira zawo za magetsi zinali zosachedwa kwenikweni. Onse anaikidwa kachipangizo. Mwa theka ntchito yogwirizanitsa makoma inayatsidwa, mwa theka linalo inazimitsidwa. Kafukufukuyo anaimitsidwa asanathe. Mwa amene kanayatsidwa anamwalira 45, mwa amene kanazimitsidwa anamwalira 26. Apa panaoneka poyera kuti kuika kachipangizo mwa munthu wosayenera si kutaya ndalama chabe. Kungathe kufupikitsa moyo.

Echo sanatayidwe ayi. Ntchito yake yaikulu pa nkhani imeneyi ndi kuonetsa kuchuluka kwa magazi amene chipinda cha kumanzere chimatulutsa pa kugunda kumodzi. Mtima wabwino umatulutsa magawo 50 mpaka 70 pa magawo 100 a magazi amene ali m'chipindacho. CRT imaganiziridwa pamene chiŵerengerochi chili 35 kapena kucheperapo. Echo amaonetsanso ngati zitseko za mtima zili zoonongeka.

Pepala la timabokosi

Chimene chatsala chodalirika koposa ndi chida chakale ndi chotsika mtengo: ECG, makina amene amajambula magetsi a mtima pa pepala la timabokosi. Anawayamba ndi Willem Einthoven wa ku Netherlands kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo analandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1924. Makina ake oyamba anali olemera makilogalamu oposa 250, ndipo wodwala ankaviika manja ndi phazi m'ndowa za madzi amchere. A lero munthu amanyamula ndi dzanja limodzi, ndipo kujambula kumatha m'mphindi zoŵerengeka popanda ululu uliwonse.

Pa kugunda kulikonse cholembera chimajambula kansonga kotchedwa QRS. Kansongaka kamaonetsa nthaŵi imene uthenga umatenga kuti ufalikire m'zipinda zam'munsi. Nthaŵiyo imayesedwa m'mamilisekondi, ndiye kuti sekondi imodzi yogaŵidwa ka 1,000. Pa pepala loyenda pa liŵiro la masiku onse, kabokosi kamodzi kakang'ono kamaimira mamilisekondi 40. Mwa munthu wabwino kansongaka ndi kopyapyala, sikafika timabokosi titatu, ndiwo mamilisekondi 120. Uthenga ukamachedwa, kansongaka kamatambasuka.

Dokotala amayang'ana zinthu ziŵiri: kutambasuka kwake ndi maonekedwe ake. Malangizo a bungwe la akatswiri a mtima ku Ulaya, European Society of Cardiology, a m'chaka cha 2021, amaika odwala m'magulu motere. Amene QRS yawo yafika mamilisekondi 150 kapena kuposa, pafupifupi timabokosi tinayi, ndipo maonekedwe ake ndi a LBBB, ndiwo ali ndi mwayi waukulu wothandizidwa, ndipo pa iwo palibe mkangano. Amene ali ndi LBBB koma QRS yawo ili pakati pa 130 ndi 149 ayenera kuganiziridwa, ngakhale kuti phindu lake ndi locheperapo. Amene QRS yawo ndi yotambasuka koma si ya LBBB, mwachitsanzo pamene nthambi yotsekeka ndi ya kumanja, umboni wa phindu ndi wofooka, makamaka pansi pa 150. Amene QRS yawo siifika 130 sayenera kuikidwa kachipangizoka pofuna kugwirizanitsa makoma, kaya akubanika motani.

Mawu omalizaŵa amapweteka abale kumva. Iwo amaganiza kuti wodwala kwambiri ndiye woyenera kwambiri. Koma kukula kwa matenda sikusankha. Chimene chimasankha ndi mtundu wa vutolo. N'zodabwitsa ndithu kuti moyo wa munthu ungagamulidwe ndi kusiyana kwa theka la kabokosi pa pepala, koma pa zaka zonsezi zofufuza palibe chida china chimene chaposa pepala limeneli.

Zina zimene dokotala amaganizira

Choyamba ndi chimene chinafooketsa mtimawo. Munthu amene mitsempha yodyetsa mtima wake inatsekeka amatsala ndi chipsera m'mnofu wa mtima. Chipsera sichifinya, ngakhale chilandire uthenga pa nthaŵi yake. Chikakhala chachikulu, kapena chikakhala pa khoma lenileni pamene waya wachitatu ayenera kugona, phindu limachepa. Ndi chimodzimodzi kuyambitsira nyimbo chingwe chimene anthu ake anachoka. Amene mtima wawo unatupa ndi kufooka popanda chipsera chotere amasintha kwambiri, ndipo mwa ena mtima umabwerera pafupi ndi msinkhu wake wakale.

Amayi, kunena mwachisawawa, amathandizidwa kuposa abambo. Izi zinaoneka m'kafukufuku wa MADIT-CRT wa odwala 1,820, wa m'chaka cha 2009. Pambuyo pake kunapezekanso kuti amayi okhala ndi LBBB amapindula ngakhale QRS yawo ili pakati pa 130 ndi 149, pamene abambo a muyeso womwewo sapindula kwenikweni. Akatswiri ambiri amaganiza kuti chifukwa chimodzi ndi chakuti mtima wa mayi ndi wocheperapo, motero kuchedwa komweko ndi kwakukulu poyerekeza ndi msinkhu wa mtimawo.

Palinso kagundidwe. Anthu ena mtima wawo umagunda mosokonezeka, wopanda dongosolo, matenda otchedwa atrial fibrillation. Kachipangizo kamathandiza pokhapokha ngati kakutsogolera pafupifupi kugunda konse, koposa 95 pa 100. Mtima wothamanga mwa wokha umakaposa kachipangizoko, ndipo dokotala amayenera kuyamba wauletsa kuthamangako. Matenda aakulu a impso kapena a m'mapapo, ndi kufooka kwa mbali ya kumanja ya mtima, nazonso zimachepetsa chiyembekezo.

Ngakhale zonsezi zitaŵerengedwa, dokotala woona mtima sanena kuti wodwala adzachira ndithu. Amanena kuti mwayi ndi waukulu kapena ndi wochepa. Ndiponso mawu akuti "sanasinthe" ayenera kumvedwa mosamala. Kufooka kwa mtima ndi matenda opita m'tsogolo. Munthu amene wakhala chimodzimodzi kwa zaka zitatu, osagonekedwa m'chipatala, angakhale atathandizidwa ngakhale iye mwini asakuona kusintha.

Mankhwala ayambe

Palibe dokotala wosamala amene amaganiza za kachipangizo wodwala asanamwe mankhwala oyenera, pa muyeso woyenera, kwa miyezi itatu kapena kuposa. Mankhwala amene amalimbitsa mtima wofooka ndi kutalikitsa moyo ndi a magulu anayi: monga enalapril, monga carvedilol kapena bisoprolol, spironolactone, ndi atsopano monga dapagliflozin kapena empagliflozin. Furosemide, amene odwala amamukonda chifukwa amachotsa madzi ndi kuphwetsa miyendo, amapeputsa phuma koma sakonza mtimawo. N'kulakwa kumwa iye yekha ndi kusiya enawo.

Mitima yambiri imasintha ndi mankhwala okha. Mayi amene mtima wake unafooka chakumapeto kwa pakati kapena atangobereka kaŵirikaŵiri amayamba kupeza bwino m'miyezi isanu ndi umodzi, motero madokotala amadikira. Bambo amene mtima wake unafooka ndi moŵa angasinthe kwambiri akausiyiratu. Kuchepa kwa magazi nakonso kumabanikitsa munthu, ndipo kuyenera kuyesedwa. Mchere wambiri ndi soda wa m'ndiwo zimasunga madzi m'thupi nizibweza m'mbuyo ntchito ya mankhwala.

Nanga kuno?

Kafukufuku yense watchulidwa pamwambapa anachitikira m'mayiko akutali, kumene kutsekeka kwa mitsempha ya mtima ndiko kumafooketsa mitima yambiri. Mu Africa zinthu n'zosiyana. M'chaka cha 2012 kunatuluka kafukufuku wotchedwa THESUS-HF, wotsogozedwa ndi Albertino Damasceno wa ku Maputo, wa odwala 1,006 m'mayiko 9 a mu Africa. Anapeza kuti mwa odwala pafupifupi 45 pa 100 alionse gwero linali kuthamanga kwa magazi, kumene anthu amati BP. Mwa pafupifupi 14 pa 100 linali zitseko za mtima zoonongeka ndi matenda oyamba ndi zilonda za pakhosi paubwana. Kutsekeka kwa mitsempha sikunafike 8 pa 100. Odwalawo anali a zaka pafupifupi 52, anthu olima ndi olera ana.

Ziŵerengero zimenezi zikuphunzitsa zinthu ziŵiri. Odwala ambiri a kuno vuto lawo si lochedwa kwa uthenga. Chitseko chophwanyika chimafuna opaleshoni ya chitseko, ndipo BP imafuna mankhwala a tsiku ndi tsiku. Batire silikonza chilichonse mwa ziŵirizi. Koma alipo ochepa, amene mtima wawo unatupa popanda chipsera ndipo ali ndi LBBB yotambasuka, amene ali m'gulu lenileni lopindula koposa. Tsoka lake n'lakuti ambiri a iwo sanajambulidwepo ECG ngakhale kamodzi.

Mwachitsanzo, pangakhale odwala aŵiri pa benchi limodzi, onse otupa mapazi, onse obanika, onse mtima wawo ukutulutsa magawo 28 pa 100. Woyamba ndi mayi wa zaka 50 amene wamwa mankhwala mokhulupirika kwa chaka. QRS yake ndi 164, ya LBBB, ndipo mtima wake umagunda mwadongosolo. Wachiŵiri ndi bambo wa zaka 60 amene amamwa mankhwala modumphadumpha. QRS yake ndi 104. Poyang'ana ndi maso palibe angawasiyanitse. Koma kwa mayiyo ulendo ungakhale wa phindu lalikulu, pamene kwa bamboyo ndalama zomwezo zikanachita bwino kugula mankhwala osadukiza ndi kulipira ulendo wa ku chipatala mwezi ndi mwezi.

Njira yake imayambira pafupi. Wodwala aonedwe pa chipatala chaching'ono, atumizidwe ku chipatala cha boma cha m'chigawo chake, ndipo ngati kuli kofunika apitirire ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene angajambulidwe ECG ndi kuunikidwa ndi echo. Pepala la ECG lisungidwe m'buku la kuchipatala, losapindidwa pa kansonga ndiponso kutali ndi dzuŵa, chifukwa inki yake imafufutika. Mwana wa kunja uja angatumiziridwe chithunzi chake pa foni kuti akaonetse katswiri asanagule tikiti ya munthu aliyense.

Abale asachite manyazi kufunsa dokotala mwaulemu: Kodi mtima ukutulutsa magawo angati pa 100? Kodi QRS ndi mamilisekondi angati, ndipo kodi ndi ya LBBB? Kodi mankhwala afika pa muyeso wokwanira, ndipo amwedwa miyezi ingati? Munthu amene akulonjeza kachipangizo koma sangathe kuyankha mafunso ameneŵa ayenera kukayikiridwa.

Kuika CRT ndi ntchito ya akatswiri ochepa, ndipo wodwala wa kuno kaŵirikaŵiri amauzidwa za ulendo wa ku South Africa kapena ku India. Poŵerenga mtengo, banja likumbukire kuti ulendowo si umodzi. Bala lingathe kutukusira, ndipo waya wachitatu nthaŵi zina amasuntha nafuna kukonzedwa. Kachipangizo kamayesedwa ndi makina ake apadera kamodzi kapena kaŵiri pa chaka, ndipo batire limatha pakati pa zaka 5 ndi 10, pamene kabokosi kamasinthidwa ndi opaleshoni ina. Mankhwala onse aja amapitirira monga kale. Asananyamuke, wodwala adziŵe dzina la chipatala chimene chidzayesa kachipangizo kake akadzabwera kumudzi, ndi mtunda wake kuchokera pakhomo.